Wandigunda alibe inshulansi: akonze galimoto yanga ndani?

Funso: Ndimakhala ku Mufakose mu Harare ndipo ndili ndi Honda Fit yomwe ndimayendera popita ku ntchito, komanso Loweruka ndimakapikulira katundu ku Mbare Musika. Mwezi wathawu nditaima pa maloboti mu msewu wa Simon Mazorodze, mushikashika wina, galimoto yaing'ono yonyamula anthu popanda chilolezo, anandigunda kumbuyo. Dalaivala wake anandichonderera kuti tisaitane apolisi, akonzetsa yekha. Ananditumizira US$50 pa EcoCash, kenako anasiya kuyankha foni. Owongola magalimoto ku Gazaland akuti ntchito yonse ndi US$900. Ku kampani yanga ya inshulansi akuti sizikuwakhudza chifukwa ndili ndi third party, ndipo ndamva kuti galimoto inandigundayo inalibe inshulansi n'komwe. Nanga ndalama zomwe ndimalipira temu iliyonse ndi za chiyani? Nditani tsopano, ndipo mtsogolo muno ndidziteteze bwanji? Mayi wa ku Mufakose.

Pepani kwambiri, mayi, ndipo tithokoze kuti munatuluka osavulala. Ndiyambire powawa pomwepo: a kampani yanu sanakunamizeni. Third party yomwe mumadula pamodzi ndi laisensi ya ZINARA, bungwe loona za misewu, ndi ija lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala nayo, ndipo inapangidwira anthu ena, osati mwini galimoto. Mukagunda munthu woyenda pansi kapena kuphwanya galimoto ya eni, kampani yanu imalipira m'malo mwanu mpaka pa mlingo womwe unalembedwa. Honda Fit yanuyo mulibemo, kaya wolakwa ndinu kaya ndi wina. Ndalama zomwe mumalipira temu iliyonse zimateteza amene waima kutsogolo kwanu pa maloboti, ndipo inuyo mumayenera kutetezedwa ndi ndalama za amene ali kumbuyo kwanu. Wakumbuyoyo akakhala kuti sanadule, palibe amene amabwera kudzatseka mpatawo.

Pa intaneti mupeza nkhani za uninsured motorist cover, inshulansi yomwe imalipira munthu akagundidwa ndi dalaivala wopanda kalikonse. Zimenezo kwenikweni ndi za ku America. Abale athu a ku Joni amakamba za Road Accident Fund, thumba lomwe ndalama zake zimadulidwa pa mtengo wa mafuta, koma nalonso limaona za kuvulala ndi imfa basi, galimoto ayi. Kuno nkhani yokhazikitsa thumba lotere yakambidwa kwa zaka zambiri, ndipo sindikuona kuti lingadzagulire munthu bampa. Mu Harare muno chomwe chimagwira ntchito imeneyi ndi comprehensive yanuyanu, inshulansi yomwe imakonzanso galimoto ya mwini wake, kapena ndalama zomwe mwasunga padera. Tisanafike kumeneko, tione kaye za US$900 ija.

Kusowa inshulansi sikumuchotsera munthu mlandu. Wogunda mnzake kumbuyo, mnzakeyo ataima pa maloboti, amasowa podzitetezera, chifukwa woyendetsa aliyense amayenera kusiya mpata woti aimire. Mnyamatayo ali nanu ngongole, ndipo lamulo la Prescription Act limakupatsani zaka 3 zoti mumusumire. US$50 ija musaione ngati chipongwe chabe, chifukwa munthu satumiza ndalama pa ngozi yomwe sanachite. Sungani uthenga wa EcoCash, popeza umaonetsa dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa. Jambulani macheza onse a pa WhatsApp lero lomwe, mwini wake asanafufute, ndipo mutumizire wachibale kuti foni ikatayika umboni usapite nayo limodzi.

Mukatero pitani ku polisi ya dera lomwe ngoziyo inachitikira. Lamulo limafuna kuti ngozi inenedwe pasanathe maola 24, choncho akakufunsani chomwe munachedwera, mwinanso akakulipiritsani chindapusa. Pitanibe, ndipo mukanene zoona zake kuti munthuyo analonjeza kukonzetsa kenako n'kusowa. Popanda lipoti la apolisi nkhani imangokhala ya mawu anu ndi mawu ake. Ngati munajambula nambala ya galimoto, apolisi ali ndi njira yopezera mwini wake kudzera ku Central Vehicle Registry, ngakhale nthawi zina dzina lomwe limatuluka limakhala la munthu amene anagulitsa galimotoyo kalekale osasinthitsa mapepala. Zikatero wakaleyo ndi amene amaloza komwe inapita, ndipo amaloza msanga akamva kuti dzina lake lili pa mlandu.

Mwini galimoto ndiye munthu wofunika kwambiri pa nkhani yanuyi. Anyamata ambiri oyendetsa mushikashika ndi aganyu, galimoto imakhala ya bwana wina amene amadikira ndalama yake madzulo aliwonse. Lamulo limati wolemba ntchito amayankha pa zomwe wantchito wake walakwitsa ali pa ntchitoyo, ndiye posuma mulembe onse awiri. Dalaivala mwina amachita lendi kachipinda kamodzi ku Epworth, mulibe chomwe angalandidwe kupatula matiresi ndi mbaula. Bwanayo ali ndi galimoto yomwe inakugundaniyo, ndipo chinthu chomwe safuna n'choti ikokedwe. Adzayesa kunena kuti mnyamatayo anangoibwereka kuti akaone odwala, n'chifukwa chake umboni uliwonse woti inali itanyamula anthu olipira, kapena kuti imadziwika pa renki inayake, ndi wamtengo wapatali.

Pali chinthu chomwe ambiri amasokoneza. Mnyamatayo akalipira chindapusa chovomera kulakwa (admission of guilt) ku polisi, kapena akapezeka wolakwa ku khoti la ku Mbare kapena ku Rotten Row, ndalama zimenezo ndi za boma. Inu simulandirapo ngakhale senti. Zanu zimafunidwa padera, ku khoti loona za ngongole ndi chipukuta misozi.

Pokonzekera kumeneko pezani makotesheni atatu olembedwa, okhala ndi dzina la garaji ndi chidindo, osati mtengo wapakamwa womwe mmisiri ananena akusisita buti. Aonetse zipangizo padera, penti padera, ntchito padera. Galimoto muijambule mbali zonse isanakhudzidwe, ndipo mukakonzetsa ndi ndalama zanu musunge malisiti onse, ngakhale a getsi lomwe mwagula mu Kaguvi Street. Lembani kalata kwa dalaivala ndi kwa bwana wake yonena tsiku ndi malo a ngozi, ndalama yomwe yatsala, ndiyo US$850, ndi masiku omwe mukuwapatsa, tinene 14. Akapanda kuyankha, mlandu waung'ono ngati uwu umakwana ku Small Claims Court, komwe munthu amadziyankhulira yekha popanda loya ndipo zolipira zake n'zochepa. Amene sangakwanitse loya pa mlandu waukulu angafunse ku Legal Aid Directorate. Chomwe chimagwetsa anthu ambiri ndi adilesi: chisamani chimafuna pokachipereka, ndipo nambala ya foni si adilesi.

Ndikuuzeni zoona, kupambana mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri. Chigamulo chikatuluka munthu n'kusalipira, mumapita kwa Messenger of Court kuti akalande katundu wake n'kumugulitsa, ndipo ulendo umenewo mumayamba mwaulipira ndinu. Akakhala pa ntchito yolembedwa, khoti likhoza kulamula kuti ndalamazo zizidulidwa ku malipiro ake. Akakhala wongoyendayenda, chigamulo chimatha kukhala m'chikwama zaka. Ndiye bwana uja akabwera atalandira kalata n'kunena kuti ali ndi US$600 m'manja, ine ndingati muganizire bwino musanakane. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akafuna kulipira pang'onopang'ono, musalolenso zapakamwa. Alembe kuvomera ngongole, atchule ndalama ndi masiku olipirira, asaine pamaso pa commissioner of oaths, munthu wololedwa kulumbiritsa anthu, mutenge kope la chiphaso chake ndi adilesi yomwe mwaiona ndi maso anu. Akapezeka wachibale wake wa pa ntchito wosainira kuti adzalipira iyeyo akalephera, ndiye bwino koposa.

Tiyerekeze tsopano kuti galimoto ija inali ndi inshulansi, chifukwa ngozi zambiri zimakhala zotero ndipo anthu amadabwabe. Ambiri amadula third party yotsikitsitsa, yongokwanira kuti alandire laisensi, ndipo mlingo wake pa katundu wowonongeka ndi wochepa poyerekeza ndi mitengo ya magalimoto masiku ano. Ngozi ya bampa ndi magetsi imakwanamo. Galimoto ikaphwanyikiratu, kampani yake imalipira mpaka pa mlingowo n'kusamba m'manja, zotsalazo mukalimbane ndi mwini wake monga ndafotokozera pamwambapa. Lamulo limakulolani kufuna ndalama zanu mwachindunji ku kampani ya wolakwayo, koma nthawi yake ndi yaifupi, zaka 2 osati 3. Dziwaninso kuti khoti limatha kugawa kulakwa. Akapeza kuti magetsi anu a mabuleki sankayaka, chipukuta misozi chimadulidwa molingana ndi gawo lanu.

Mtsogolo muno, muziyenda mukuganiza kuti amene adzakugundeni adzakhala wopanda kanthu. Sindikunyoza anthu, ndikungoona momwe zinthu zilili: magalimoto opanda nambala tikuwaona tsiku ndi tsiku, ndipo kuyambira 2025 lamulo limafuna laisensi ya wailesi ya ZBC munthu asanadule inshulansi ndi laisensi ya ZINARA. Mtolo ukamakula chonchi, ine ndikuona kuti ozemba sangachepe.

Ubwino wa comprehensive ndi woti kampani yanu imakonza galimoto yanu osadikira kuti wolakwa apezeke kapena avomere. Ikatha kukulipirani imatenga ufulu wanu womusumira, n'kumakamusaka yokha ndi maloya ake. Za adilesi, za chisamani, za Messenger of Court, zonsezo zimakhala mutu wawo. Mtengo wake amawerengera pa mtengo wa galimoto. Tinene kuti yanuyo ndi ya US$5,000 ndipo akuuzani 5 peresenti pachaka: ndi US$250, pafupifupi US$21 pamwezi. Ngozi imodzi ya US$900 ikuposa ndalama za zaka zitatu. Manambalawa ndi ongoyerekeza, funsani makampani angapo kapena broker, mkhalapakati wa inshulansi amene amalandira gawo lake kuchokera ku kampani.

Musanasaine funsani za excess, ndalama yomwe mumalipira nokha pa ngozi iliyonse kampani isanayambe kulipira. Ikakhala US$150, pa US$900 akupatsani US$750. Makampani ena amaonjezera excess woyendetsa akakhala wachinyamata kapena wongolandira kumene laisensi, choncho ngati mwana wanu amaitenga nthawi zina, nenani. Ena amakulolani kuonjezera pang'ono pa zolipira kuti excess ichotsedwe. Inshulansi yotchipa kwambiri nthawi zambiri imabisa excess yaikulu.

Musachepetse mtengo wa galimoto pofuna kulipira zochepa. Makampani ambiri akapeza kuti galimoto ya US$6,000 munailembetsa ngati ya US$4,000, amakulipirani magawo awiri mwa atatu a chilichonse chomwe chawonongeka, ndiye pa ntchito ya US$1,500 mulandira US$1,000, asanachotse excess. Kukweza mtengo mopitirira nakonso n'kutaya ndalama, chifukwa galimoto ikaphwanyikiratu amalipira mtengo wake wa pamsika tsiku la ngoziyo. Onetsetsaninso kuti pepala likunena ndalama yomwe adzakulipireni nayo. Zipangizo zimagulidwa ndi madola a ku America, ndipo ife amene tinaona ndalama yathu ikugwa mphamvu mu 2008 ndi 2019, kenako kubwera kwa ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024, sitifunika kuuzidwa kawiri. Mukalipira ndi madola, alembe kuti adzakulipirani ndi madola.

Pali mawu amodzi m'kalata yanu omwe andiimitsa: mumakapikulira katundu ku Mbare Musika. Inshulansi yambiri ya magalimoto a anthu wamba imalembedwa kuti ndi ya maulendo a pakhomo ndi opita ku ntchito. Woyesa ngozi akadzapeza buti itadzaza makreti a tomato ndi matumba a anyezi a pa bizinesi, kampani ili ndi pothawira. Auzeni poyamba pomwe kuti galimotoyo imagwiranso ntchito ya malonda, alembe, ngakhale mtengo ukwereko pang'ono. Choopsa kuposa pamenepo ndi chizolowezi chathu chija choima pa renki ya Copacabana madzulo n'kunyamula anthu atatu opita ku Mufakose kuti tipeze ya mafuta, kapena kulowa inDrive, takisi yoitanitsa pa foni, kumapeto kwa sabata. Kunyamula anthu olipira pa inshulansi ya galimoto ya pakhomo ndi chifukwa chokwanira choti akane kulipira. Madola atatu a tsiku limenelo atha kukutayitsani galimoto yonse. N'chimodzimodzi kupatsa chiwongolero munthu wopanda laisensi kapena woledzera.

Mukakhala ndi comprehensive, makambirano a m'mbali mwa msewu aja asiyeni. Mukalandira ndalama kwa wolakwa n'kusainirana kuti nkhani yatha, mwaitsekera kampani yanu njira yokamusumira, ndipo ikhoza kukana kukulipirani. Musavomerenso kulakwa pamalopo. Nenani ku polisi, dziwitsani kampani m'masiku omwe analembedwa pa pepala lanu, basi.

Si galimoto iliyonse yoyenera comprehensive. Ikakhala yakale kwambiri, tinene ya US$2,000, makampani ena amaikana, ena amatchaja mtengo ndi excess zoti phindu lake silioneka. Pamenepo ndi bwino kukhala kampani ya inshulansi yanuyanu: US$20 kapena US$30 mwezi uliwonse, pamalo pomwe dzanja silifika msanga fizi ikavuta. Chipereganyu, chomwe anzathu amati mukando, n'chabwino pogula galimoto koma sichithandiza kwenikweni pa ngozi, chifukwa ndalama zimabwera pa tsiku lanu lolandira, osati pa tsiku lomwe mwagundidwa. Ngati gulu lanu lili ndi thumba la zadzidzidzi lobwereketsa msanga, limenelo ndiye lothandiza. Pakati pa third party ndi comprehensive pali ina yoteteza ku moto ndi kuba, koma imeneyo siikonza galimoto yogundidwa, ndiye vuto lanuli singalithetse.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe simunafunse. Ngati third party yanu ndi yotsikitsitsa ija, kwa anthu ena inuyo ndinu dalaivala wa inshulansi yoperewera. Mabuleki akakukanikani tsiku lina mu Borrowdale Road n'kulowa kumbuyo kwa Land Cruiser yatsopano, kampani yanu idzalipira mpaka pa mlingo wake, zotsalazo kampani ya mwini galimotoyo idzazifuna kwa inu, ndipo iwo maloya ali nawo kale. Funsani za full third party, yomwe imakweza mlingowo. Kusiyana kwa mtengo sikukhala kwakukulu poyerekeza ndi chomwe mukuteteza, ndipo kwa munthu amene ali ndi nyumba kapena malipiro oti angadulidwe, ine ndimaiona yofunika kuposa china chilichonse pa nkhaniyi.

Chitsulo chimawongoleka. Chomwe chimagwetsa mabanja ndi kuvulala, chifukwa ambulansi, ma X-ray ndi zitsulo zolumikizira mafupa zimafuna ndalama tsiku lomwelo, kaya muli ku Parirenyatwa kaya ku chipatala cholipira, pomwe mlandu wa chipukuta misozi umatenga nthawi. Ambiri a ife tili m'mabungwe a maliro ndipo sitiphonya mwezi, koma za kuchipatala ndi za miyezi yomwe munthu angakhale osagwira ntchito sitiziganizira. Medical aid, ngakhale yotsika, ndi inshulansi ya personal accident, yomwe imapereka ndalama munthu akalumala kapena akamwalira pa ngozi posatengera kuti wolakwa ndani, ndizo zimatseka mpata umenewu. Wolembedwa ntchito akavulala ali pa ntchito ya abwana, afunsenso za chipukuta misozi cha NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ndi ovulala pa ntchito. Ana anu akamakwera mushikashika popita ku sukulu, dziwani kuti galimoto zoterezi sizikhala ndi inshulansi ya okwera yomwe makombi ndi mabasi ovomerezeka amayenera kukhala nayo.

Tsiku la ngozi, ntchito yaikulu ndi ya mphindi zoyambirira. Musanasunthe galimoto jambulani momwe zaimira, nambala ya inayo, mapepala omatidwa pa galasi lake lakutsogolo, laisensi ndi chiphaso cha dalaivala, ndi nkhope yake ngati nkotheka. Tengani nambala ya mboni imodzi kapena ziwiri. Ogulitsa m'mbali mwa msewu amakhala ataona zonse ndipo mawa mudzawapeza pomwepo, kusiyana ndi odutsa. Wokugundani akayamba kuchonderera kuti apolisi asabwere, kawirikawiri pali chomwe chikusowa, laisensi kapena inshulansi. Kakamera ka pa galasi lakutsogolo sikodula kwenikweni masiku ano, ndipo pa ngozi ya munthu wogunda n'kuthawa ndi kokhako komwe kamagwira nambala.

Inshulansi muzidula ku kampani kapena kwa wothandizira wovomerezeka ndi IPEC, bungwe loyang'anira za inshulansi ndi penshoni, osati kwa anyamata okuitanirani panja pa ofesi ndi mtengo wotsika modabwitsa. Mapepala achinyengo analipo ambiri, n'chifukwa chake zinaikidwa pa kompyuta kuti zizilumikizana ndi ZINARA. Kampani ikakana kulipira popanda chifukwa chomveka, pemphani kuti ikane polemba kalata, ndipo mutengere kalatayo ku IPEC. Muzikumbukira tsiku lomwe inshulansi yanu ikutha, chifukwa ngozi ya tsiku limodzi pambuyo pake salipira.

Ngati mumapita kumudzi ku Malawi pa Khirisimasi kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza, funsani musananyamuke ngati comprehensive yanu imagwira kunja kwa Zimbabwe, ndipo yankho likhale lolembedwa. Yellow Card ya COMESA, inshulansi yodutsira malire a mayiko, imagwira ku Malawi, koma kwenikweni ndi ya third party, ndipo ya ku Mozambique mumagula padera pa chipata. Zonse ziwirizi zimalipira anthu omwe inu mwawalakwira, sizikonza galimoto yanu.